Kachigamba ka kuseri kwa khutu

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali sitandade seveni ku Nkhata Bay, bambo atawasamutsira kumeneko kuchokera ku Dedza kukagwira ukalaliki pa boma. Ine ndinali ndi vuto lodziwika mzere wonse wa nyumba za boma: ndikangokwera galimoto, m'mimba munkatembenuka. Fungo la dizilo lokha linkandidzazitsa malovu m'kamwa. Mayi ankati ndinabadwira kuyenda wapansi.

Ndiye kunabwera uthenga woti mtsogoleri wa dziko afika ku Mzuzu. Amayi akavina, ife a kwaya ya sukulu tikaimba. Masiku amenewo munthu sunkafunsidwa ngati ukufuna kupita. Chinawasowetsa mtendere mayi n'chakuti mu lole tidzathithikana ndi amayi ovala nsalu ya chipani, ndipo nsalu iliyonse inali ndi nkhope ya mwini dziko, pamwendo, pamsana, pachifuwa pomwe. Kusanzira nkhope imeneyo anyamata a malaya ofiira akuona, ntchito ya bambo ikanathera pomwepo, ndipo mwina sikanatha ntchito yokha.

Mayi anayamba ndi nzeru ya kwathu, yoti wosanza paulendo azikhalira nyuzipepala. Bambo anabwera nayo kuchokera ku ofesi. Titaitambasula, tsamba loyamba nkhope ija, lachitatu nkhope yomweyo ikuyendera munda wa chimanga. Ndani akanaikhalira? Bambo anaipinda mwaulemu n'kuika pamwamba pa kabati.

Anatiombola ndi a NyaChirwa, omwe ankagulitsa usipa pamsika. Amuna awo ankagwira ntchito m'sitima ya panyanja, ndipo mzungu wina woopa mafunde anawasiyira tizigamba ta mankhwala tomata pakhungu. Madzulo ake a NyaChirwa anabwera nako kamodzi, atakamanga pansonga ya chitenje. Kanali kozungulira ngati batani la malaya, kakununkha usipa.

Mayi anangondikweza diresi kuti amate pamchombo.

"Ama, lekani!" anatero a NyaChirwa. "Kameneka nkha kuseri kwa khutu."

"Khutu limasanza, a NyaChirwa?"

"Mwini wake ankaika pakhutu. Palivi suzgu, palibe vuto, mwana akafika bwino."

Mayi anagonja, koma mlendo atangotuluka anatenga pulasitala wamba n'kundimatanso pamchombo, kuti tisadalire khutu lokha.

M'mawa tinakwera lole ija. Anandikhazika pakati penipeni, ndipo kulikonse komwe ndinkayang'ana nkhope ija inkandiyang'ananso. Ndinachita mantha zedi. Lole inayamba kukwera mitunda, ikulira, ikukhota uku ndi uku, amayi akuyeserera nyimbo. Dzanja la mayi linali pakhosi panga, lokonzeka kundiweramitsira m'kachitini komwe anabisa pakati pa mapazi. Ndinadikira mseru pakona yoyamba, osabwera. Yachiwiri, ziii. M'malo mwake kukhosi kunauma gwa, zikope zinalemera, nyimbo zinayamba kumveka kutali.

Ndinadzidzimuka ndi mphepo yozizira ya ku Mzuzu. Mayi anayang'ana nsalu yawo, ya mayi wa kumanja, ya mayi wa kumanzere, kenako anapumira m'mwamba n'kundimenya kambama kachikondi. Pabwalo ndinaimba mawu osatuluka, aphunzitsi akunditong'olera maso, koma mumtima ndinali wosangalala kuposa onse oimba bwino.

Titabwerera, tinapeza bambo ataima pamsewu pomwe lole inkatsitsira anthu, atavala jekete ngati akudikira mlandu. Sanafunse kanthu, pakuti anthu anali ambiri. Mayi anangowapukusira mutu pang'ono, kuwadziwitsa kuti sindinasanze. Bambo anavula chipewa n'kukhala pansi pomwepo pa mwala, munthu wosalola fumbi pa thalauzi lake. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinadziwa kuti nawonso ankaopa.

Mpaka kumwalira kwawo, mayi ankati inagwira ntchito ndi pulasitala ya pamchombo, ndipo sindinawatsutsepo. Lero njira yomweyo timayenda pa minibasi, wosanza kondakitala amangomupatsa jumbo, anthu n'kutsegula mawindo. Nsalu za nkhope za atsogoleri zilipo zamitundumitundu, ena amaberekera ana, ena amayanikapo usipa. Mwezi wathawu mdzukulu wanga anasanzira ina ili pamwendo panga. Ndisanadziwe n'komwe, ndinali nditatembenuka kale kuona amene waona. Panalibe ndi mmodzi yemwe woyang'ana, ndipo ndinaseka mpaka misozi.