Khadi Loyera la a Dominiko

A Dominiko Zulu anaphunzira kutaipa ku parishi, pa makina akale a ansembe, ndipo pomwe ankatsegula kashopu kawo kosindikiza pa boma la Chadiza anali atauma kale mutu. Zaka zonsezi akhala akukangana ndi makasitomala. Wogula mtedza ku Zemba amafuna khadi la bizinesi lokhala ndi mkango, ndege ndi vesi, zonsezo pa kapepala kochepa ngati bokosi la machesi. A Dominiko amangofunsa kuti, "Kodi mumagulitsa mikango?" Kwa iwo khadi laulemu ndi dzina, ntchito ndi nambala ya foni, basi. Zagolide ndi maluwa amati ndi phokoso la munthu amene akubisa kanthu.

Chaka chatha, anthu atagulitsa thonje, kunabwera mlendo wa nsapato zosongoka, dzina lake Steward Sakala. Ankati amapezera atsikana ntchito za m'nyumba ku Lusaka. Pa khadi lake ankafuna zilembo zagolide, ndege ziwiri ndi mtsikana woseka. A Dominiko zinawanyansa.

"Ndi khadi lotere, bambo, palibe kholo lingakupatseni mwana," anatero. "Ndisiyireni ineyo."

Anamukonzera loyera, zilembo zakuda, kamtanda kakang'ono pakona. Linakongola, tisaname. Mlendoyo analiyang'ana nthawi yaitali osamwetulira, kenako anati, "Mwandithandiza kwambiri, madala."

Makhadiwo anagawidwa m'matchalitchi a kumidzi Misa ikatha. Makolo a ku Pembamoyo ndi ku Zingalume ankati akaliona n'kuzindikira dzanja la a Dominiko, mitima n'kukhala pansi. Atsikana asanu ndi mmodzi anakwera basi. Wachisanu ndi chiwiri anali Elinata, mwana womaliza wa a Dominiko, yemwe anatopa ndi kungokhala pakhomo. A Dominiko anamuperekeza okha ku siteshoni, chifuwa chili patsogolo, ngati kuti mlendo uja ankamudziwa kupitirira pa kapepala kamene anamulembera okha.

Elinata anaimba foni kawiri mwezi woyamba, akulankhula motsitsa mawu ngati pali wina pambali pake. Kenako zii. Nambala ya pa khadi inasiya kulowa. Mantha anawagwira a Dominiko mpaka kuwonda nawo, koma kwa akazi awo ankangoti ndi vuto la netiweki.

Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo, m'shopumo munalowa mayi wachilendo wovala chitenje chatsopano. Sanapereke moni. Anaika khadi loyera lija pa kauntala.

"Andituma abwana. Akuti mupange mazana awiri, chimodzimodzi, kamtanda komweko. Mungosintha nambala ndi dzina. Tsopano mulembe Philemon Daka."

"Nanga a Steward ali kuti?" anafunsa a Dominiko. "Mwana wanga ali kwa iwo."

"Akudziwa," mayiyo anayankha, akumanga bwino chitenje chake. "N'chifukwa chake akuti simukana. Ndidzatenga Lachisanu."

Mayiyo atatuluka, a Dominiko anayang'ana njinga zikudutsa pamsewu. Kenako anatambasula dzanja n'kuyatsa kompyuta kuti ayambe kupanga makhadiwo.