Dipi Yopepuka ya Edna Kachingwe

Edna Kachingwe anabadwira ku Namitete, mwana wa mphunzitsi wa katekisimu, ndipo kuyambira utsikana wake anthu ankamudziwa ndi dzanja lake pophika. Anafika ku Dublin ngati wophunzira, pa nthawi imene dziko la Ireland linali litangoyamba kudzukanso mabanki atagwa. Koleji yake inali m'zipinda za pamwamba pa shopu ya nsapato, ndipo inatsekedwa iye asanamalize. Mapepala okhalira m'dzikomo anawakonza movutikira, koma ntchito sinasowe. M'mawa ankakolopa zimbudzi ku eyapoti, masana n'kukatsuka mbale m'lesitanti ina ya zakudya za ku Mexico pakati pa tauni.

Wophika wamkulu m'lesitantimo anali bambo wina wa ku Mexico dzina lake Ambrosio, wamfupi, wamtima wapachala. Tsiku lina anamupeza Edna akuseka chimanga chimene iye ankakazinga ndi batala.

"Kwathu chimanga ndi chakudya, si choseweretsa," anatero Edna m'Chingerezi.

Ambrosio anamuyankha kuti chimangacho chinachokera kwawo, ndipo anamukankhira chiwaya kuti aphunzire m'malo mocheza. Umo ndi mmene Edna anadziwira chosunsira chimene makasitomala ankachitcha dipi. Ankakazinga chimanga chotsekemera mpaka chipserere m'mbali, n'kusakaniza ndi mayonesi, kirimu, tchizi chambiri, tsabola wobiriwira, adyo ndi madzi a ndimu. Akatero ankaika mu uvuni mpaka pamwamba pafiire ndi kuwira, anthu n'kumasunsamo timatchipisi ta chimanga. Dokotala atamuuza Edna kuti magazi ake akuthamanga, iye anakonza yakeyake yopanda mafuta ambiri, ndipo pa zikondwerero za Amalawi a ku parishi mbale yake ndi imene inkayamba kutha.

Ankakhala ku Coolock, m'nyumba imene ankagawana ndi anthu ena angapo. Chaka chimene nyumba zinakwera mitengo mopenga, mwini nyumbayo anawauza kuti akuigulitsa. Edna anayamba kuyenda ma viewing, kukaona zipinda za lendi pa tsiku limene eni ake akuzionetsa. Ukafika pa nyumba, unkapeza mzere wa anthu wakhota pakona, ena atavala masuti, ena atanyamula makanda. Pa foni ankamulandira bwino, koma akaona nkhope yake ankati chipinda changotengedwa kumene. Anagona pa sofa kwa banja lina la kutchalitchi mpaka mayi wa m'nyumbamo anayamba kumufunsa m'mawa uliwonse, ana akumva, kuti, "Kodi a Edna, simunapezebe?" Loweruka lina anabwerera kuntchito n'kupeza masutikesi ake ali panja, pansi pa kadenga ka mabini, mvula ikuwaza. Anagogoda. Katani inagwedera, koma chitseko sichinatseguke.

Amene anamutola anali Kasapo, mayi wa ku Zambia amene ankaimba naye kwaya. Kasapo anali ndi mwana wamkazi ku Lusaka amene ankafunitsitsa kudzamuitanitsa, ndipo ankagwira ntchito ya carer, wosamalira wodwala wogonera pomwepo, kwa nkhalamba ina ya Chiairishi ku Dún Laoghaire.

"Bwelani che, ba Edna," anatero pa foni m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Muzagona pansi mu room yanga. Koma mwana wao asaziwe, ni wovuta maningi."

Nkhalambayo anali bambo Lawson. Ali mnyamata anagwira ntchito yomanga matchalitchi ndi ansembe a mishoni ku Chipata, ndipo Chinyanja chinawatsalira m'kamwa ngakhale zambiri zinali zitayamba kuwathawa m'mutu. Anali ndi matenda a mtima. Mwana wawo Maureen ankakhala ku Cork, n'kumabwera mwa apo ndi apo kudzayendera filiji ndi mabotolo a mankhwala. Analetsa batala, nyama yankhumba, kirimu ndi mchere.

Chipinda cha Kasapo chinali chaching'ono koma chofunda, zenera lake likuyang'ana padoko pamene mabwato amakocheza. Edna ankayala matiresi pansi, n'kumayang'ana miyendo ya bedi. M'mawa ankamva Kasapo ndi bambo Lawson akuseka m'khitchini, fungo la nyama yokazinga litadzaza m'makwerero. Atafunsa, Kasapo anamuonetsa kabokosi ka pulasitiki kamene ankabisa m'kabati ya kuseri, pamalo pozizira. Munali batala, timapisi ta nyama yankhumba ndi keke ya kirimu.

"Munthu wasala pang'ono, nimumane chani?" anatero Kasapo. "Akadya ka butter amaimba nyimbo za ku Chipata. Musiyeni akondwele."

Edna anatseka kabokosiko. Anali atayamba kale kuliona zenera la chipinda cha Kasapo ngati lake. Poyamba maganizowo ankamuchititsa manyazi, moti ankawathamangitsa ndi kolona ali m'sitima popita ku eyapoti. Koma viewing iliyonse imene ankabwerako chimanjamanja inkachepetsa manyaziwo.

Loweruka limene Maureen anabwera, Kasapo anakankhira matiresi kunsi kwa bedi, n'kunena kuti Edna ndi mnzake wa kutchalitchi amene wangobwera kudzathandiza kuphika. Edna anavala epuloni yoyera. Anaika chiwaya chouma pamoto, osathira ngakhale dontho la mafuta, n'kukhuthuliramo chimanga. Anachisiya osatakasa mpaka chinayamba kuthetheka ndi kuda m'mbali. Maureen anasendera pafupi, manja atapinda.

"Mafuta mulibe?" anafunsa m'Chingerezi.

"Mulibe, madamu. Kukoma kumachokera m'kupsereraku."

Theka la chimangacho analisinja ndi kamunsi mpaka linachita phala, nafotokoza kuti phalalo ndi limene limagwirizanitsa zonse m'malo mwa mayonesi. Anathiramo yogati wokhuthala wopanda mafuta, adyo, anyezi wamasamba, tsabola wochotsa njere ndi madzi a ndimu ambiri kuti munthu asaufune mchere. Tchizi anangowaza pamwamba pokha, chochepa koma champhamvu. Mbale itatuluka mu uvuni inali ikuwira m'mbali, pamwamba pali bii, ndipo m'malo mwa tchipisi Edna anadula karoti ndi nkhaka zosunsira.

Bambo Lawson analawa, natafuna nthawi yaitali. "Chakudya cha kuchipatala," anatero m'Chinyanja, akutsinzinira Kasapo diso. Kasapo anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Maureen sanamve mawuwo. Iye anadya mpaka kupala m'mbali mwa mbale, akunena kuti chakudya chotere ndi chimene wakhala akupempha chiyambire.

Atatha kudya, Kasapo anaveka nkhalambayo chikhoto n'kupita nayo kokayenda padoko. Edna ndi Maureen anatsala akutsuka mbale. Edna analankhula ndi mawu ofatsa.

"Madamu, pali zimene zikundisowetsa mtendere. Kasapo ndi m'bale wanga, koma bambo anu ndi munthu."

Anamutsogolera ku kabati ya kuseri, n'kutsegula kabokosi kaja. Maureen anatola batala, nayang'ana mmene anathera. Zikanatha kuthera pomwepo ndi chenjezo chabe, ndipo Edna anaona pa nkhope ya Maureen kuti akufunafuna njira yomukhululukira Kasapo. Choncho anawonjezera.

"Komanso amagonetsa anthu muno inu osadziwa. Ineyo ndakhala ndikugona m'chipinda chake. Ndinamuuza kuti tikupempheni kaye, iye anati nyumba ino amalamula ndi iye. Ngati analowetsa ine, sindikudziwa kuti analowetsanso ndani."

Anakwera naye pamwamba, nakoka matiresi kunsi kwa bedi kuti aone ndi maso ake.

Maureen sanakalipe. Anadikira kuti abambo ake agone tulo ta masana, n'kumuitanira Kasapo pabalaza, chitseko chotseka. Edna anali m'khitchini akupukuta mbale imene inali youma kale. Anamva mawu a Kasapo akukwera, kenako akusweka, kenako zii.

Patatha masiku ochepa Kasapo, atachotsedwa ntchito, ankatsitsa zikwama zake ndipo anamupeza Edna pamakwerero. Maso ake anali otupa.

"Ba Edna, nenze nakulakwilani chani?"

"Palibe chimene munandilakwira, achemwali. Ndinangonena zoona."

"Zoona? Munagona pa blanket yanga. Munadya pa mbale yanga."

"Batala munkawapatsa kapena simunkawapatsa?"

Kasapo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana wanga nenze namuuza kuti azabwela chaka chino. Manje nizamuuza chani?"

"Muli ndi anzanu ambiri inu, simungasowe pogona," anatero Edna, napatuka kuti chikwama chidutse. Anamuthandiza kunyamula chimodzi mpaka pageti, chifukwa Maureen ankayang'ana pa zenera.

Maureen atamupatsa ntchito ya Kasapo, Edna anasiya ntchito ya ku eyapoti ndi ya kulesitanti, nalowa m'chipindamo. Anachapa makatani, natembenuza bedi kuti akadzuka aziona mabwato. Ntchito ankaigwira bwino, palibe akanamutola chifukwa. Mankhwala ankaperekedwa pa nthawi yake, zofunda zinali zoyera, ndipo kabati ya kuseri anaisandutsa mosungira sopo.

Bambo Lawson anafunsa za Kasapo kwa milungu yambiri. Edna ankawauza kuti anapita kwawo ku Zambia. Tsiku lina nkhalambayo inamuyang'anitsitsa n'kunena m'Chingerezi kuti, "Ukunama." Kuyambira pamenepo anasiya kumulankhula m'Chinyanja. Ankamuitana kuti "nurse", ndipo akawaikira dipi ya chimanga ankaikankhira kumapeto kwa tebulo ndi chala chimodzi. Edna ankaibweza pamaso pawo, n'kukhala pampando moyang'anana nawo mpaka njala iwagonjetse. Thupi lawo linatsika, malamba awo anabooledwa mabowo atsopano, ndipo dokotala anati mtima ukugunda bwino kuposa kale. Maureen anamugulira Edna chikhoto cha ubweya pa Khirisimasi.

Za Kasapo ankazimvera kutchalitchi. Bungwe limene linkamupezera ntchito linamuchotsa pa mndandanda litamva kuti ankagonetsa alendo kwa wodwala. Anakhala kaye m'hostel ina ya anthu osowa pogona pakati pa tauni, kumene anamubera foni ndi nsapato, kenako anapeza ntchito yolongedza katundu m'nyumba yosungiramo zinthu ku Coolock, n'kumagona m'chipinda chimodzi ndi atsikana a ku Brazil. Mwana wake sanabwere. Kwaya anaisiya. Lamulungu lina anafika ku Misa mochedwa, atawonda, ndipo pa nthawi yopatsana moni wa mtendere Edna anatembenuka n'kumutambasulira dzanja, anthu onse akuona. Kasapo analiyang'ana dzanjalo, natuluka. Amayi a kwaya anati Kasapo ndi wosakhululuka, ndipo atatuluka m'tchalitchi anamuzungulira Edna n'kumamupepesa. Ambiri a iwo ankadziwa bwino lomwe chimene chinachitika, koma Edna tsopano ankadziwana ndi mabanja a ku Dún Laoghaire ofuna ma carer, ndipo aliyense anali ndi m'bale wosowa pokhala.

M'nyengo yozizira yotsatira bambo Lawson anadwala chifuwa, nachira, koma miyendo inakana. Ankakhala pampando wa pa zenera la pabalaza, bulangete pamaondo. Masana ena Edna anawabweretsera tiyi ndi buledi wouma wootcha. Nkhalambayo inagwira dzanja lake ndi zala zozizira, n'kulankhula Chinyanja kwa nthawi yoyamba chichokereni Kasapo.

"Mayi, ndapota nanu. Batala pang'ono chabe. Sindidzauza munthu."

Misozi inali ikutsikira m'makwinya a masaya awo. Edna anaimvera chisoni nkhalambayo, ndipo chisonicho chinali chenicheni. Koma anali atamva Maureen akulankhula pa foni ndi munthu wogulitsa nyumba, akufunsa kuti nyumba ngati imeneyi ingagulidwe bwanji abambo ake akadzapita. Edna ankadziwa kuti chipinda chake chikudalira mtima wa bambo Lawson, ndipo mtima umenewo unayenera kugundabe.

"Ayi, agogo," anatero, akumasula zala zawo chimodzichimodzi. "Mukhala nafe nthawi yaitali inu. Idyani buledi, madzulo kuli chimanga."

Bambo Lawson anakhala zaka zina zingapo pampando umenewo, osalankhulanso ndi munthu kupatula wansembe. Maureen ankauza anzake onse ku Cork kuti abambo ake akanamwalira kalekale pakanapanda mayi wa ku Malawi uja, ndipo mmodzi wa anzakewo anamulonjeza Edna ntchito kwa apongozi ake ikadzatha iyi.