Chitedze mu Nkhata ya a Simawo

Agogo anga aamuna, a Tembo, akandibwerera m'maganizo amabwera ndi fungo la lupsa, lija limatsala m'mapiri udzu ukangopsa kumene, losakanikirana ndi la fodya wa mphuno amene ankasunga m'kanyanga ka mbuzi. Ndimawaona ali patsogolo pa mzere wa anthu, opanda nsapato, atawerama pang'ono, kansungwi kowonda kali m'manja, phulusa likufuka m'mapazi mwawo.

Inali nthawi ya nkhondo ija ya pachiweniweni. Sikola yathu ya ku Fingoe inali itatsekedwa, ine n'kubwerera kumudzi kufupi ndi Malowera ndili mnyamata wodziwa Chipwitikizi chambiri koma khasu pang'ono. Mchere kunalibe, sabawu wochapira kunalibe, galimoto zinali zitaleka kubwera. Ndiye chilimwe chilichonse, mitsinje ikaphwa, kagulu ka anthu omwewo omwewo kankasenza mtedza n'kudutsa m'mapiri kupita kumalire a Zambia kukasinthitsa ndi mchere. Wotsogolera anali agogo.

Paulendowo nsapato zinkatsala kunyumba, chifukwa amfuti ankalondola phazi la nsapato. Amfutiwo sitinkasankha kuti ndi a mbali iti. "Ukawaona usawafunse dzina, gona pansi," ankatero agogo. Koma choopsa kwambiri chinali mamina, mabomba aja otchera m'njira. Aliyense ankaponda pomwe waponda mnzake wa patsogolo, ndipo agogo ankayendetsa kansungwi kaja m'udzu mopepuka, kuti ngati pali waya wotchera aumve m'zala zawo phazi lisanaukoke.

M'gululo munali a Simawo, bambo amene kale ankagulitsa m'sitolo ya Mpwitikizi ndipo ankayendabe ngati makiyi a sitoloyo akadali m'thumba mwawo. Titapuma pakamtsinje kouma, pakati pa miyala pomwe tinkaloledwa kunong'ona, iwo anatenga chipanda chawo cha madzi n'kuchisanjika pa katundu wanga.

"Senza, dotolo," anatero, akuonetsetsa kuti Roza, mtsikana amene ndinkamuzemberera, wamva. "Tione ngati mabuku amalimbitsa khosi."

Roza anaseka. Vuto linayambira pamenepo.

Pambali pathu panali chitsamba cholendewera chitedze chokhwima bwino, chaubweya wagolide. A Simawo atapita kuseri kwa mwala, ndinachithyola ndi timitengo tiwiri n'kuchipukutira m'chinsalu chomwe ankapinda nkhata, kenako n'kuchipindanso monga anachisiyira. Ndinagwira ntchito yaukhondo, ine osayabwidwa ngakhale chala.

Tinanyamuka, dzuwa likuswa mutu. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni kwa a Simawo. Thukuta litayamba kutsika kuchokera mu nkhata kupita m'khosi, gule anayambika. Phewa linadumpha, kenako linzake, kenako chiuno chinayamba kuyankha ng'oma yomwe enafe sitinkaimva. Mtedza wosasenda unali kulira m'thumba pamutu pawo, tsekete tsekete. Ine ndinadziluma mlomo mpaka magazi kuti ndisaphulike.

Mwadzidzidzi agogo anakweza dzanja n'kugwada. Tonse tinagona pomwe tinali, m'kanjira kopyapyala ka pamtunda, udzu wosapsa kumanzere, miyala kumanja. Kuthawira kumbali sikunali kotheka, chifukwa malo amenewo ndi omwe mina inapha ng'ombe ya anthu chaka chapitacho.

Kumunsi m'chigwa kunamveka mawu. Ndinasuzumira pakati pa udzu n'kuona amuna a mfuti akuyenda mosapupuluma, wina akukoka mbuzi, ndipo pakati pawo panali amayi ndi anyamata a msinkhu wanga atasenzetsedwa katundu, mitu ili pansi. Chiseko chinandithera m'mimba.

A Simawo anali atagona chafufumimba patsogolo panga, nkhope m'phulusa, nkhata itawagwera pakhosi. Thupi lonse linkanjenjemera. Zala zawo zinkakumba dothi, ndipo kukhosi kunkatuluka kamawu konga ka mwana wagalu. Kenako mwendo unawapulumuka, chidendene n'kugunda mwala. Mwalawo unagubuduka kutsetsereka, gu, gu, gu, n'kukaima.

Wamfuti wa kumapeto anaima. Anatembenuka n'kuyang'ana kumtunda.

Sindidziwa kuti agogo anaganiza liti. Ndinangowaona akubwerera chokwawa, osati pambali ayi, koma pamwamba pa misana ndi miyendo ya anthu, kuti asachoke pamzere. Atafika anachotsa nkhata ija ndi manja awo, n'kuiika pansi pa mimba yawo, n'kuwagonera a Simawo pamsana. Kanyanga ka fodya anawalumitsa m'mano. Ndi dzanja limodzi anawapana mikono, ndi linalo ankatapa phulusa n'kumawapaka m'khosi pang'onopang'ono, monga mayi asisitira mwana wa malungo. Ndinkaona mtsempha wa pakhosi pa agogo ukugunda, maso awo akutuluka misozi, chifukwa chitedze chinali chitayamba kuwadya iwonso. Sanagwedezeke.

Wamfuti uja anayenda pang'ono chokwera. Ndinkamva udzu ukuthyoka pansi pa nsapato zake. Kenako mnzake anamukuwira kuti mbuzi ikuvuta, iye analavula, n'kutsika.

Tinagonabe mpaka mthunzi wa miyala unasuntha. Titadzuka, manja a agogo anali atatupa. Anayang'ana chinsalu chija, n'kuyang'ana mzere wonse. Panalibe wofunsa kuti wachita ndani. M'mudzi monse ankadziwa ntchito za manja anga.

"Luwizi, bwera kutsogolo kuno," ananong'ona. "Zala zangazi sizikumvanso kanthu, moto wokhawokha. Waya sindingaumve. Zakozo n'zochenjera, zatola chitedze osayabwidwa. Tenga nsungwi."

"Atate, mwanayu atiphetsa!" anatero amake a Roza.

"Wayesa kale, walephera," anayankha agogo. "Tiyeni."

Sindinayambe ndaona udzu woopsa ngati wa tsiku limenelo. Tsinde lililonse linkaoneka ngati waya. Kansungwi kankaterera m'manja ndi thukuta, ndipo agogo anali pamsana panga, mpweya wawo wa fodya uli m'khutu langa.

"Usakankhe, iwe. Sukutakasa phala. Sisita, ngati ukugwira tsaya la Roza."

"Agogo, akumva."

"Amve. Yang'ana pansi."

Tinayenda choncho mpaka dzuwa linapendeka. Tili pafupi kutsika phiri, kansungwi kanakana. Sikunali kukana kwa udzu, umene umagonja ukaukhudza. Kanangoima, n'kubweza kamphamvu kakang'ono m'zala zanga.

"Agogo."

Anasuzumira paphewa langa. Pakati pa mtengo wa msuku ndi mwala panali waya wowonda, wadzimbiri, wofika m'katumba.

"Bweza nsungwiyo monga unailowetsera," anatero. "Eya. Tsopano puma, usakomoke pano, malo ogwera palibe."

Tinaulumpha mmodzimmodzi, amayi atakwinya zitenje m'manja, agogo akuloza ndi chigongono poponda. A Simawo anatsalira kumapeto. Khosi linali litafiira, mapewa akudumphabe okha, ndipo aliyense ankadziwa kuti akangogwedezeka phazi lili m'mwamba, tonse tathera pomwepo. Ndinawalandira thumba la mtedza, n'kuwapatsa mkono wanga kuti agwire. Anaugwira ngati akufuna kuuthyola. Anakweza phazi, linanjenjemera pamwamba pa waya, n'kutera kutsidya. Linzake linatsata. Asanandisiye anandiyandikira kukhutu.

"Ndikakupeza kumudzi, dotolo."

Anakandipezadi, ndi ndodo ya mtondo, amayi anga n'kuwathandiza. Koma tisanafike kumeneko, tili kumalire, agogo ataviika manja m'madzi, anandiitana ndekha. Ndinapita nditakonza msana.

"Simawo amandinyansa kuyambira ali kusitolo," anatero, osandiyang'ana. "Ukanadikira tifike kumudzi, chitedzecho ndikanakuthandiza kutola."

Ndiye anthu akamandifunsa ngati ndinalapa, ndimawauza zoona: chitedze chinali chabwino, munthu wake anali woyenera, malo okha ndi amene ndinalakwitsa. Lero tsitsi layamba kuyera, koma anzanga kuntchito sakhala pampando osaugwedeza kaye ine ndikakhala pafupi. Chomwe agogo anandisiyira n'chakuti ndisanamuchite munthu chipongwe, ndimayamba ndayang'ana pomwe waima ndi amene aima naye. Ndikaona kuti m'pabwino, basi, alira ameneyo.