Thirakitala Sinabwere, Kunabwera Lole

Tsoka limene ndikufuna kukuuzanili silinandigwere mwadzidzidzi. Linkabwera pang'onopang'ono ine ndikuliona, koma ndinkauletsa mtima wanga kukayika. Lero dimba limene anandisiyira malemu mkazi wanga ndi maenje okhaokha. Inu owerenga, mvetserani kuti zoterezi zisakuonekereni.

Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Area 2. Dimbalo lili m'dambo, kunja pang'ono kwa tauni. Mayi a kunyumba ali moyo ankalimamo chimanga chachiwisi ndi mpiru, n'kumagulitsa mu Msika wa Lilongwe. Atatisiya, ndinalibe mphamvu zopondako, ndipo udzu unakula mpaka kubisa munthu. Chaka chatha, mvula itatha, ndinaganiza zolidzutsa kuti lisafere m'manja mwanga.

Malo ogonera otero khasu silingathe. Ndinalankhula ndi bambo wina wa mumpingo mwathu, amene pano ndingomutchula kuti a Kambwiri. Ali ndi thirakitala yolimira anthu, komanso lole. Tinapitira limodzi kukaona malowo. Anaponda pansi, madzi n'kutumphuka m'mbali mwa nsapato. Anandiuza kuti thirakitala ingatitimire, choncho ndiyambe ndatchetcha udzu wonse ndi kukumba ngalande kuti madzi atsike. Zinali zomveka. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anazula phata la udzu, n'kupisa dzanja pansi mpaka m'chigongono. Dothi lakuda lapamwamba analitaya osaliyang'ana. Anafikisa m'zala mchenga woyera wapansi, akumwetulira. Kenaka anandifunsa masiku amene ndimakhala ku ntchito.

Ndinapeza aganyu. Anatchetcha, kuunjika udzu m'mphepete, n'kukumba ngalande momwe a Kambwiri analozera. A Kambwiriwo anandiuzanso kuti tilambule njira yotakata kuchokera kumsewu ndi kuthira zidutswa za njerwa pamalo ofewa. Mumtima ndinadzifunsa kuti kodi thirakitala, yoyenda m'matope, ikufuniranji msewu wotero? Koma ndinadzidzudzula ndekha. Munthu amene ndimadya naye mgonero ndimuganizire zoipa?

Dimba linauma, ndipo kuzengereza kunayamba. Poyamba anati dizilo wasowa. Kenaka anati dalaivala wapita kumaliro ku Mitundu. Sabata ina anati chitsulo chathyoka, akudikira china. Tikakumana pa tchalitchi ankandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Abambo, musavutike n'kupitako, mungotha ndalama za minibasi. Ine ndikuyang'anirani. Pansi pakadali madzi."

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinapitako osawauza. Panjira ija panali mapazi a matayala. Ine ndimalandira katundu tsiku ndi tsiku, matayala a lole ndimawadziwa. Awa anali apawiri, ozama, a galimoto yotuluka italemedwa. Kumunsi kwa dimba kunali malo okumbidwa, ofundikidwa ndi udzu wanga womwe uja. Mayi Nabanda, amene amalima moyandikana nane, anandipatsa moni osandiyang'ana kumaso.

"Achimwene, kodi dimbali munagulitsa?"

Ndinati ayi.

"Basi, ine ndangofunsa. Paja inu anthu opemphera mumadziwana."

Apa m'pamene ndinayenera kukhala pansi ndi kuwafunsa zonse. Sindinatero. Ndinaopa kuti ndikhala ngati ndikutola miseche. A Kambwiri nditawafunsa mofatsa, anati anakumba pofuna kuona ngati pansi pauma, ndipo lole inabweretsa njerwa zowonjezera panjira. Ndinavomera ndi pakamwa, mtima ukukana. Ndinapemphera kuti Mulungu andichotsere maganizo oipa, pamene maganizowo anali oona.

Nyengo yodzala inkapita. Tsiku lina abwana anandituma kuperekeza simenti ku nyumba ina yomangidwa ku Area 12. Tikutsitsa matumba, pageti panalowa lole ya a Kambwiri n'kukhuthula mchenga. Ndinayandikira muluwo. Munali zidutswa za udzu wotchetcha, ndiponso mapata a nzimbe zofiira, zonga zimene mkazi wanga anadzala m'malire mwa dimba. Womanga wina anandiuza mosangalala kuti mchenga wa kudambo umenewu ndi wabwino pomangira, ndipo akhala akuulandira kwa nthawi ndithu.

Ndinapempha chilolezo n'kukwera minibasi. Ndinapeza amuna ali ndi mafosholo m'dzenje lofika m'chiuno. Dothi lakuda lija analikankhira m'ngalande, lina linapita ndi madzi. A Kambwiri anali chiimire pamthunzi, foni ili kukhutu. Atandiona sanachite manyazi n'komwe.

"Aaa, abambo, lero simuli ku ntchito? Musakwiye, tikwirira zonsezi. Ndimati ndikuuzeni Lamulungu."

Ndinangowafunsa kuti, "Nanga thirakitala?" Anayang'ana kumbali.

Pamenepo zonse zinandionekera. Udzu ndinatchetcha ine, madzi ndinachotsa ine, msewu ndinakonza ine, kuti lole yawo ilowe bwino. Akanalima, ine n'kudzala, mchenga akanautenga bwanji? Kuchedwa konse kuja kunali kwadala.

Nkhaniyi inafika kwa akulu a mpingo. A Kambwiri anapepesa, nalonjeza kubweretsa dothi. Mpaka lero sindinalione. Ndinawakhululukira, pakuti ndi zimene ndimakhulupirira, koma chikhululukiro sichimeretsa chimanga pa mchenga. Mvula itabwera maenje anadzaza madzi, ndipo ndinachita kutchinga ndi minga kuopa ana a anthu.

Inu owerenga, kufunsa si kuweruza. Ine ndinasokoneza ziwirizi. Munthu amene mwamupatsa ntchito akayamba kusintha zifukwa sabata ndi sabata, musakhutire ndi mawu okoma a pakhomo la tchalitchi. Dzifunseni kuti kuchedwako kukupindulira yani. Mnansi akakuponyerani mawu, khalani pansi mumve. Ndipo munda wanu muziupondamo nokha, pakati pa sabata, pa ola limene palibe akukuyembekezerani.

Masiku ano Loweruka ndikaweruka ndimabwereka wilibala kwa mayi Nabanda, n'kumatuta dothi la pachulu kukathira m'maenjemo. Ana anga akuti ndisiye, msana ungandithere. Mwina akunena zoona. Koma pakona imodzi pamene ndakwirira, mpiru wayamba kumera.