Clarrie Moffatt, Msilikali Wodetsa Imvi

Clarrie Moffatt anali womanga mipanda ya nkhosa ku Omeo, kumapiri a Victoria m'dziko la Australia, munthu wosachuluka mawu, wa zikhatho zokhakhala ngati khungwa. Nkhondo ya Ajapani itayandikira, iye anali atapyola kale msinkhu wolowa usilikali. Anangotenga polishi wa nsapato, kudetsa imvi zake, n'kukanama zaka. Mkazi wake, Beryl, anamuuza kuti zimenezo n'zachibwana, komabe anamulongedzera masokosi.

Anamuika m'gulu la anyamata ongochoka kusukulu, omwe asilikali akale ankawanyoza kuti ndi a chokoleti, osungunuka dzuwa likangowomba. Gulu limeneli ndi lomwe linatumizidwa kunkhalango za New Guinea, pakanjira ka Kokoda. Mvula ya kumeneko sikata. Polishi uja anayenderera m'khosi, mutu wa Clarrie n'kuyera mbuu.

"Agogo, mwasochera kodi? Kwa okalamba si kuno," anatero Neville Tighe, mnyamata wapakamwa wa ku Geelong. Dzinalo linakanirira.

Chitunda chikatha, kutsogolo kunali china. Matope ankavula anthu nsapato, chakudya chinali bisiketi wouma ndi nyama ya m'chitini, ndipo maenje obisalamo ankakumba ndi zipewa zachitsulo chifukwa mafosholo kunalibe. Adani anali ochuluka, koma osaoneka. Munthu ankangomva masamba kugwedera, mnzake wagwa.

Chipolopolo chinamuphwanya Clarrie mkono wamanja, malungo nawo atamugwira kale. Anamulamula kuti abwerere pamodzi ndi ovulala ena otha kuyenda okha. Ali m'njira, anamva kwa wonyamula mauthenga kuti gulu lawo latsala pang'ono kuzingidwa. Clarrie anaima, n'kutembenuka. Wachipatala anamugwira malaya, kumufunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

"Ana aja ali okha," anayankha choncho basi.

Ena angapo anamutsatira, wina wopanda nsapato, wina wotsamira ndodo. Neville atamuona akukwawira m'dzenje lake, anatukwana, kenako misozi inalengeza. Mfuti Clarrie sakanatha kuigwira, choncho ankapatsira Neville zipolopolo ndi dzanja lamanzere, kwinaku akumuuza kuti asathamange, aombe motsitsa. Anagwira malowo mpaka ovulala onse atachotsedwa. Pobwerera, Neville analasidwa pantchafu. Amuna a ku Papua, eni deralo, anamunyamula pamachira m'ziphedi zoterera, Clarrie akudzandira pambali, atamuphimba kumaso ndi tsamba la nthochi kuti mvula isamutsamwitse.

Clarrie anafika ku Omeo ali mafupa okhaokha, moti Beryl anamudutsa pasiteshoni ya basi osamuzindikira. Mkono sunawongokenso, malungo ankamubwerera nyengo yozizira iliyonse, koma mipanda anapitiriza kumanga. Anthu akamutama, ankasintha nkhani n'kuyamba kutchula maina a anyamata amene anatsala m'nkhalango muja. Za kutembenuka kwake m'njira muja anthu anazimva kwa Neville, yemwe chaka chilichonse ankabwera chotsimphina pa tsiku lokumbukira asilikali.

Chaka chake chomaliza, miyendo ya Clarrie inali itatha. Okonza mwambo anamupezera galimoto yoti akwere paperete, iye anakana. Anavala jekete lake la mamendulo n'kuyamba kuyenda kumbuyo kwa onse, Beryl atamugwira mkono wabwinowo. Pofika pachipilala chachikumbutso, oimba malipenga anali atamaliza kale nyimbo zawo. Koma palibe amene anachoka. Tauni yonse inaima mumsewu, amuna zipewa zili m'manja, kudikira mpaka Clarrie atafika.