Mafuta ofiira a bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinagwetsera thirakitala m'dambo, ngakhale kuti sindinaikwere n'komwe. Zinali zaka za makuponi, kwathu kwa Wimbe, nthawi imene munthu akalandira kapepala ka feteleza ankakasunga m'Baibulo kuti mbewa ndi ana asakapeze.

Bambo anga anali dalaivala wa thirakitala pa esiteti ya fodya yoyandikana ndi mudzi wathu. Asanakwatire anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Zambia, ndipo nkhani ya zimagalimoto zonyamula miyala kumeneko sinkawachoka pakamwa. Ankati tayala lake limodzi n'lalitali kuposa chigafa chathu, koma dalaivala amakhotetsa ndi zala ziwiri zokha. Ife ana tinkangotsinana, poganiza kuti akukokomeza.

Kuseri kwa chitseko ankasungako chigubu chachikasu cha mafuta a chiwongolero cha thirakitala. Anali mafuta ofiira ngati madzi a chidede, ndipo lamulo lake linali limodzi: osakhudza.

Tsono ine ndinali ndi vuto langa. M'chilimwe zidendene zanga zinkang'ambika koopsa, moti anzanga kusukulu ankati m'ming'alu yanga mukhoza kubisamo khobidi. Mafuta odzola kunyumba anali atatha kalekale. Tsiku lina ndinatsegula chigubu chija n'kudonthezera pang'ono m'manja. Miyendo inawala, ming'alu inayamba kufewa. Anzanga aja atandifunsa chinsinsi, ndinayamba kuwatengerako m'kabotolo, poti kutamandidwa kumakoma. Patapita masabata angapo ndinanyamula chigubu n'kumva kuti chapepuka. Mantha anandigwira. Ndinathamangira kuchitsime cha kudambo, ndinatunga madzi m'chitini osadikira kuti matope akhazikike, n'kuthiramo. Nditasuzumira, pamwamba panali pofiira bwinobwino, poti madzi amathawira pansi pa mafuta. Ndinadziona wochenjera kwambiri.

Mvula yoyamba itagwa, kalabu ya alimi a m'mudzi mwathu inapempha mwini esiteti kuti thirakitala ikawatengere feteleza wa makuponi kudepoti. M'mawa wa tsikulo bambo anatulutsa chigubu chija mofulumira, anthu akuwadikira m'ngolo, n'kukhuthulira zonse m'kathanki ka chiwongolero mpaka dontho lomaliza. Ine ndinali chiimire pabwalo, tsache lili m'manja. Ndinali ndi mpata woti ndiyankhule, koma ndinangoyamba kusesa.

Uthenga unafika dzuwa litapendeka. Pobwerera, potsetsereka kulowera pakamlatho ka padambo, bambo anapotoza chiwongolero koma matayala anakana kumvera. Thirakitala ndi ngolo yake zinagubuduzikira m'madzi ndi matumba onse. Mwamwayi anthu anali atatsika kuti katundu apepuke, choncho palibe anafa, koma bambo anathyoka mkono. Titafika tinapeza anthu akuvuula matumba. Feteleza wa yuleya akanyowa amasungunuka ngati shuga. Sindidzaiwala a Nabanda, mayi wamasiye amene ankakhala kuseri kwa nyumba yathu, ali m'madzi ofika m'chiuno, akukoka thumba limene linali litaphwa kale. Sanalire. Anangolipinda n'kuliika pamutu.

Mudzi sukhala chete. Ena ankati bambo analedzera, chonsecho anali mkulu wa mpingo. Bambo eni ake ankakayikira a Mwale, mnzawo wa pa esiteti amene ankasirira mpando wa thirakitala. 

Lamulungu masana bambo anakhala pakhonde, mkono uli m'chikhakha, atayala thumba loyera. Pathumbapo panali kachitsulo kolemera, kokula ngati papaya wamng'ono, kamene makaniko wa pa esiteti anawamasulira kunsi kwa chiwongolero.

"Tiyamike, bwera undigwirire, manja ako ndi aang'ono," anandiitana.

Tikumasula, ankafotokoza pang'onopang'ono ngati akudziyankhulira. Anati kachitsuloko ndi vavu, ndipo pakati pa chiwongolero ndi matayala palibe ndodo iliyonse yolumikiza, koma mafuta basi. Pampu imakankha mafuta mwamphamvu. Dalaivala akapotoza chiwongolero, kamtima ka m'kati mwa vavu kamatembenuka pang'ono n'kutsegula tinjira, mafuta n'kuthamangira mbali imodzi kukakankha matayala. Akasiya kupotoza, tinjira timatsekeka. N'chimodzimodzi ndi momwe amatsegulira ndi kutseka ngalande kudimba, anatero, ndipo zimagalimoto za kumgodi zija zimayenderanso nzeru yomweyo.

Kamtima kaja kanakana kutuluka mpaka titakagogoda. Mafuta amene anatsikamo sanali ofiira, anali otuwa ngati thobwa. Bambo anayendetsa chala pamkwasa umene unali pachitsulocho, n'kundionetsa kamchenga pachikhadabo chawo.

"Madzi awa sanalowemo okha," anatero. "Mawa ndikaonana ndi a Mwale pamaso pa abwana."

Ndinaganiza za ana a a Mwale, amene mmodzi ndinkakhala naye pabenchi limodzi kusukulu. 

"Ababa, si a Mwale," ndinatero. Kenako ndinangotambasula miyendo n'kuwaonetsa zidendene zanga zosalala.

Anaziyang'ana nthawi yaitali. Ndinkalakalaka atathyola kamtengo n'kundikwapula kuti zithe, koma sanatero.

"Ukanangotenga mafutawo n'kusiya chigubu chopepuka, ndikanaona, n'kukapempha ena," anatero motsitsa mawu. "Chatipweteka si chimene unachotsamo, mwanawe. N'chimene unathiramo kuti ndisadziwe."

M'mawa mwake anapitadi kwa abwana, koma anakanena kuti wolakwa ndi iwo, poti anathira mafuta osasefa. Dzina langa silinatchulidwe, ndipo anandiletsa kuuza wina aliyense kupatula amayi. Ntchito inawathera pomwepo. Thumba lathu limodzi limene linapulumuka analipereka kwa a Nabanda. Chaka chimenecho chimanga chathu chinali chachikasu, chofika m'mawondo, ndipo njira ya kusukulu inkadutsa pakati pa mundawo. Mu Febuluwale tinkadya kamodzi patsiku. Mng'ono wanga akamalira ndi njala, ine ndinkatuluka panja, chifukwa sindinkatha kumuyang'ana. Anyamata a patiredingi anawapatsa bambo dzina loti a Mgwetsa, ndipo iwo ankayankha moni wa dzinalo ngati kuti ndi lawo lobadwa nalo.

Lero ndimagwira ntchito ya umakaniko pamgodi wina kutsidya kwa malire. Zimagalimoto zija ndinaziona ndi maso anga, ndipo bambo sankakokomeza. Kumeneko kavavu ka pachiwongolero kamangouza vavu ina yaikulu, imeneyo n'kutumiza mafuta ochuluka kumatayala, koma kamchenga kamodzi kakhoza kusokoneza zonse monga kanachitira kwa Wimbe. Anzanga amandiseka kuti ndimatseka kamwa la paipi iliyonse ngati ndikufunditsa khanda, komanso kuti ndikalakwitsa ndimathamangira kukadzinenera ndisanafunsidwe. Sadziwa kumene ndinaphunzira.

Chimene ndinachedwa kuchimvetsa n'chakuti bambo, amene anandidzudzula chifukwa chobisa, nawonso anabisa. Ine ndinabisa kuti ndipulumuke ndekha, iwo anabisa kuti mwana wawo aziyenda m'mudzi osalozedwa chala. Anamwalira anthu akuwatchulabe a Mgwetsa. Pamaliro awo ndinaima pafupi ndi a Nabanda, atakalamba, ndipo ndinafuna kuwauza zoona, koma ndinalepheranso ngati m'mawa uja bambo akuthira mafuta. Ndalemba pano kuti a kwathu awerenge: bambo anga sanagwetse thirakitala ija. Ndinagwetsa ndine, chifukwa cha zidendene.