Wotchi yothamanga ya a Mbewe

Lero patha chaka chitisiyireni, a Mbewe. Wotchi ya mu ofesi ya aphunzitsi kusukulu kwathu kuno ku Area 3 ikutsogolabe ndi mphindi makumi awiri.

Titayambitsa kalasi ya ana anzeru kwambiri, munawauza kuti, "Chinthu osangochikhulupirira, muzichitsegula muone m'kati." Tsiku lomwelo pochokera kubuleki tinapeza wotchi ili zidutswazidutswa patebulo, Tadala wa Sitandade 5 akugawira anzake ntchito. Anaibwezeretsa ndithu, koma masikuluwu atatu anatsala, ndipo inayamba kuthamanga. Ahedi atafuna kuwapatsa chibalo, inu munati, "Bwana, ana atithandiza kuweruka msanga, tiwalangirenji?"

Ahedi atsopano akuti ikakonzedwe, ine ndakana. Koma inunso a Mbewe, munachita kuitsatira wotchi imeneyi? Nthawi yoweruka inali isanakwane.